Mwana wa Malume Alibe Munda

Pempho limene linaseketsa azakhali

Titatha kumanga chiliza cha bambo anga, alendo atabalalika ndipo amayi a m'mudzi akutsuka miphika ikuluikulu imene anabwereka ku tchalitchi, ndinapempha azakhali kuti andipezere munthu wondiperekeza ku dziwe la m'phiri. Azakhali anayamba aseka kaye mpaka kutsokomola, kenaka anandifunsa ngati ku Lilongwe madzi atha m'mipopi. Iwo anabadwira m'mudzi umenewo, m'munsi mwa mapiri a Chongoni, ndipo pa moyo wawo wonse sanaonepo munthu wanzeru zake akukwera phiri popanda chokatenga. Kuphiri amapitako ofuna nkhuni, udzu wofolerera, bowa, masuku kapena mankhwala, ndipo wopita chimanjamanja n'kubwerako chimanjamanja anthu amayamba kumukayikira.

Koma dziwe limenelo ndinakula ndikulimva ku Kawale. Bambo anga sanali munthu wokonda kukamba za ubwana wawo, komabe magetsi akazima madzulo, tonse titakhala pakhonde kudikira kuti nsima ipse pa mbaula, nkhani imodzi yokha ndiyo inkabwerabwera: dziwe la pakati pa matanthwe kumene ankamwetsa ng'ombe, madzi ake ozizira mpaka mano kuwawa, akuya moti nsungwi yaitali sinkafika pansi, ndi nkhanu zimene ankagwira pansi pa miyala n'kuziotcha pomwepo. Dzina la dziwelo sanalitchulepo, chifukwa anthu a m'mudzimo amangoti kudziwe. Nditaona dzina la bambo litalembedwa pa simenti, ndinaganiza kuti ngati pali malo amodzi m'dziko muno amene ndingaimepo popanda wina kundifunsa kuti kwathu ndi kuti, malowo ndi amenewo.

Azakhali atatha kuseka anaitana mwana wawo wamkazi, msuweni wanga, amene ndi wamkulu kwa ine, namuuza kuti mawa lake popita ku nkhuni anditenge.

Mbali ziwiri, manja awiri

Bambo anga anali Mchewa wa ku Dedza, mayi anga ndi Mtumbuka wa ku Rumphi, ndipo aliyense wodziwa miyambo ya mbali ziwirizi waona kale pamene pagona nkhani. Kwa abambo mwana ndi wa kuchikazi, kwa amayi mwana ndi wa kuchimuna. Tikapita ku Rumphi pa tchuthi, agogo ankatilandira ndi manja awiri monga ana a ku Dedza amene abwera kudzaona kwawo kwa mayi awo. Tikabwera ku Dedza, ankatilandira ndi manja awiri omwewo monga ana a malume amene kwawo ndi kumpoto. Palibe mbali imene inatikana, ndipo palibe mbali imene inatiwerengera pa anthu ake. Pa kalembera wa ziphaso za unzika wa mu 2017, atatifunsa mudzi, mfumu yaikulu ndi boma la kwathu, ine ndinatchula Dedza pamene mlongo wanga anatchula Rumphi, ndipo tonse awiri tinkanena zoona.

Masiku a chiliza aja ndinalemekezedwa kwambiri. Anandipatsa mpando wa ndalema wokhawo umene unalipo pa nyumbapo, pamene amuna a msinkhu wanga anakhala pa njerwa. Anandiphera nkhuku, nthutumba n'kuiika m'mbale yanga. Mtsikana wamng'ono ankagwada ndi beseni la madzi ofunda nthawi iliyonse ya chakudya. Nditayesa kunyamula thumba la simenti kupita nalo kumanda, mnyamata wina anathamanga n'kundilanda, akuti, "Pepani bwana, mudetsa zovala."

Tsiku lomaliza akuluakulu anakhala pansi pa mtengo wa mango kukambirana za munda wa bambo. Nyumba ya ku Kawale sanaitchule n'komwe. Lamulo la chuma cha masiye la mu 2011 limaika patsogolo mkazi ndi ana, ndipo abale athu si anthu olanda katundu. Koma munda wa makolo uli ndi njira yake. Unali m'manja mwa bambo kuchokera kwa mayi awo, chimanga chake tinkadya ku Kawale chaka ndi chaka, ndipo tsopano unayenera kubwerera ku mbumba. Anaupereka kwa mwana wamkazi wa msuweni wanga, amene anali atangolowa m'banja. Mundawo sindinkaufuna, pakuti ngakhale mzere wowongoka sindingaupange. Chimene chinandibaya ndi pamene nkhoswe inayamba kutchula anthu a mbumba mmodzimmodzi, kufikira makanda amene anali kumbuyo kwa amayi awo, ine ndili pa mpando wanga wa ndalema patsogolo pa onse, n'kumaliza osanditchula. Potseka, mkulu wina analangiza achinyamata kuti atisamale bwino ife a ku tauni, poti mlendo ndi mame. Ananena mokoma mtima, ndipo anthu onse anaombera m'manja.

Njira ya kumtunda

Tinanyamuka kusanache bwino. Unali mwezi wa Novembala, mvula isanagwe, minda yonse itakonzedwa mizere kudikira. Msuweni wanga amalima mbatatesi ndi kabichi ku dimba n'kumagulitsa m'mbali mwa msewu wa M1 ku Linthipe, ndipo miyendo yake ndi ya munthu amene sanadikirepo galimoto kuti afike kumene akufuna. Iye anamanga chitenje, navala nsapato za pulasitiki, natenga chikwanje ndi luzi. Ine ndinatuluka ndi nsapato za jombo zogula pa kaunjika, chipewa ndi chikwama chakumbuyo. Anandiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kumapazi nafunsa kuti, "Asuweni, kodi tikupita ku nkhondo?" Chisuweni chimalola zotere, koma ngakhale nthabwala zake m'mawa umenewo zinali zoyezera, za munthu amene wauzidwa kuti asamale mlendo.

Tinadutsa madimba, tinaoloka kamtsinje kamene kanatsala madzi ofika m'akakolo, kenaka njira inayamba kuimirira. M'munsi mwa phiri munali zitsa za paini zokhazokha. Titakwera pang'ono tinalowa m'mitengo yachilengedwe, miombo itaphuka masamba atsopano, ndipo pansi pa misuku panali masuku oyambirira kugwa, amene msuweni wanga ankatola osaima, n'kumalavula nthangala akuyenda. Kawiri konse tinapeza pamene panali uvuni wa makala, dothi litapsa n'kusanduka lofiira pakati, lakuda m'mbali. Sananenepo kanthu, ndipo ine ndinaona kuti si bwino kuti munthu amene mbaula yake ku Lilongwe imayaka tsiku lililonse ayambitse nkhaniyo.

Amene amangodutsa ku Dedza pa basi amadziwa kuzizira kwake kokha. Boma lenilenilo lili pa mamita pafupifupi 1,600 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo nsonga ya phiri la Dedza ili pafupifupi pa mamita 2,200, motero munthu wozolowera kukhala mu ofesi akayamba kukwera mapiri a kuno chifuwa chimamuuza msanga. Ndinkaima pafupipafupi ngati ndikuona dziko. Pamalo ena otseguka msuweni wanga anandilozera mapiri a ku Angonia, tsidya la malire, nati kumeneko ndi kwawo kwa amuna ake. Anabwera kuno ali mnyamata, pa nthawi imene nkhondo ya ku Mozambique inathamangitsira ku Malawi anthu oposa miliyoni imodzi, ambiri a iwo n'kudzaza midzi ya Dedza ndi Ntcheu. Mtendere utabwera mu 1992 abale awo anabwerera, koma iwo anali ataona kale mtsikana wina pa chitsime. Ananena zimenezi akuseka, ndipo anapitiriza kukwera.

Pa phanga

Dzuwa litakwera tinapuma pansi pa thanthwe lalikulu lopendekeka. Maso atazolowera mthunzi ndinaona kuti khoma lake linali ndi zojambula: mizere ndi timagulu ta madontho tofiira tozilala, ndipo pamwamba pake zinyama zoyera zotambasula miyendo, zojambulidwa ndi chala. Cha m'munsi ana a sukulu anali atalembapo mayina awo ndi makala.

Ndinayamba kufotokoza zimene ndinawerenga, kuti m'mapiri a Chongoni muli malo 127 a zojambula zotere, kuti bungwe la UNESCO linawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006, kuti zofiirazo anajambula ndi Akafula amene ankasaka m'mapiri muno Achewa asanafike, ndi kuti zoyerazo zambiri ndi za chinamwali ndi za nyau. Msuweni wanga anamvetsera mpaka ndinamaliza. Nditamufunsa tanthauzo la chinyama choyera chimene chinali pamwamba pa mutu wake, anayankha kuti, "Izo si za amuna," natsegula botolo la thobwa. Ine ndinali ndi chaka ndi chiwerengero, iye anali ndi chimene anaphunzitsidwa ndi anamkungwi, ndipo panalibe buku limene likanandilowetsa kumeneko. Sindinakhumudwe, chifukwa pamenepo wotsekeredwa kunja sindinali ine ndekha. Bambo anga omwe, obadwira pansi pa phiri lomweli, akanayankhidwa chimodzimodzi.

Padziwe

Tinafika dzuwa lili paliwombo. Njira inakhota kuseri kwa thanthwe, ndipo msuweni wanga anangoti, "Ndi apa," n'kupatukira ku mtengo wouma umene anauona kale.

Dziwelo linali laling'ono. Mwana akanatha kuponya mwala kuchokera mbali ina n'kugwera kutsidya. Madzi ankatuluka mumng'alu wa thanthwe cha kumtunda, n'kumatsetsereka pa mwala wakuda woterera, ndipo m'mphepete munali ndere zobiriwira ndi mbululu zambirimbiri zimene zinkabalalika mthunzi wanga ukazigwera. Mbali imodzi kunali mitengo ya katope itatu yoweramira m'madzi. Mbali inayo kunali zitsa. Pamatope panali mapazi a anyani ndi jumbo yabuluu yokwiririka theka. Ndinathyola kamtengo kotalika pang'ono kuposa mkono wanga n'kukapisa cha pakati pamene ndinatha kufikira, ndipo kanagunda pansi. Kuzizira kokha ndiko bambo sanawonjezere: nditavula nsapato n'kuviika mapazi, matuza amene anatuluka m'njira anachita dzanzi nthawi yomweyo.

Ndinakhala pamwala ndikudikira kuti mumtima muchitike chinachake. Chimene ndinkamva chinali chikwanje cha msuweni wanga kumbuyo kwanga. Patapita nthawi ndinalankhula, osatembenuka, kuti ndasangalala kuti ndafika, chifukwa poti kumudzi kulibe malo anga, kuno kokha ndiko ndingati ndi kwathu.

Chikwanje chinaleka kulira.

"Iwe, usandiseketse," anatero. "Malo ako ati? Munda ukuulirawo, malume adaulimapo liti? Iwo ankatumiza ndalama ya feteleza, khasu ndinkagwira ndine, matumba n'kumakwera basi kupita ku Kawale. Lero waperekedwa kwa mwana wanga, ndiye wati takuchotsa?"

Ndinayesa kunena kuti nkhani si munda, koma sanandipatse mpata. Anabwera kudzaima pakati pa ine ndi madzi, chikwanje chili m'manja.

"Dziwe ili adakuuza kuti ankadzasambira. Adakuuzanso chifukwa chake ankakhala kuno tsiku lonse? Agogo athu aamuna adali mkamwini, adapita ku Halale kukafuna ntchito n'kutchona, osalemba ngakhale kalata. Malume adaleredwa ndi atsibweni awo, ndipo ng'ombe ankamwetsa kunozo zidali za atsibweniwo. Ankanyamuka m'mimba mulibe kanthu. Nkhanu ukunenazo sichidali chisangalalo, idali nkhomaliro. Funsa mayi, ndiwo ankawabisira mkute."

Ndinakhala chete. M'nkhani ya pakhonde ija munalibe njala, munalibe atsibweni, ndipo agogo aamuna sankatchulidwa n'komwe. Ife ana tinkangoganiza kuti anamwalira kalekale.

"Amuna anga akhala m'mudzi muja zaka zoposa makumi atatu," anapitiriza. "Nyumba ya malata adamanga okha, ana tabereka, misonkho ya pamudzi amapereka. Dzulo pa nkhani ya munda adatchulidwa? Adakhala kumbuyo pa njerwa, ndipo nkhani itatha adapita kukathirira kabichi. Mwamuna aliyense kuno ali ndi kumene adabadwira ndi kumene amagona, ndipo konseko satchulidwa mokwanira. Iwe ukufuna kuti utchulidwe ndani?"

Kenaka mawu ake anatsika. Anati malume ankafika pa maliro alionse, ngakhale a khanda, ngakhale pakati pa mwezi. Anati alongo ake awiri anafika Fomu 4 chifukwa cha malume, ndipo mayi ake akadwala, amene ankabwera ndi galimoto yobwereka kudzawatengera kuchipatala anali malume. Tsopano mbumba yatsala ndi amuna amene sadziwa polowera mu ofesi iliyonse. "Umwini mbumba sungautenge, si wako. Koma mayi akadzadwala usiku ndidzaimbira ndani? Mpando uja timakupatsa chifukwa sitidziwa ngati ungatumike. Munthu amene sitingamutume timamuphera nkhuku."

Atatero anawerama, natembenuza mwala wa m'mphepete ndi nsonga ya chikwanje. Pansi pake panali nkhanu yofiirira, yaing'ono kuposa chikhatho cha mwana, imene inaimika zala zake kenaka n'kuthawira chammbali kulowa m'matope. "Ndi zimenezo," anatero. "Ungakhute?"

Anamanga mitolo iwiri ya nkhuni zouma. Waukulu anausenza pa nkhata, wamng'ono anauika pa phewa langa osandifunsa, nandiuza kuti chikwama ndichipachike kutsogolo. Kutsika kunali kowawa kuposa kukwera. Luzi linkadya phewa, nkhuni zinkakola m'nthambi, ndipo iye ankanditukwana njira yonse kuti ndikuyenda mochedwa, kuti ndine mwamuna wotani, ndikanamukwatira akanafa ndi njala. Titalowa m'mudzi azakhali anatuluka akukalipa kuti wasenzetsa bwanji mlendo. Iye anatula mtolo wake nati, "Mlendo wake uti? Uyu ndi mwamuna wanga wa chisuweni, ndipo theka la nkhuni wataya m'njira."

Zimene ena ananena

Anzanga a ku Lilongwe nditawafotokozera, ambiri anaseka nati andipezerera, kuti kumudzi aona kuti banki yakale yatsekedwa ndiye akutsegula ina. Mayi anga sanaseke. Anandikumbutsa miyezi imene ife tinkapita ku sukulu ndi nsapato zong'ambika pamene ndalama zinkapita ku Dedza kukalipirira ana a eni ake, ndipo anati sanapirire zonsezo kuti mwana wawo adzayambirenso. Mayi sakunama. Mwambo umene umaika mwamuna pakati pa ana ake ndi ana a alongo ake umamung'amba pawiri, ndipo kawirikawiri amene amamva kuwawa ndi mkazi wa ku mtundu wina amene sanakule nawo. Ndimaonanso kuti mwambowu, pamodzi ndi wa kumpoto uja, sunakonzekere ana onga ife, ngakhale kuti m'matauni a Lilongwe, Blantyre ndi Mzuzu tadzazamo. Malamulo a malo a mu 2016 anatsegula njira yoti munthu alembetse malo a makolo, koma sindikhulupirira kuti pepala lililonse likanachititsa nkhoswe ija kutchula dzina langa pansi pa mango.

Komabe sindivomereza kuti msuweni wanga ankangofuna ndalama. Akanafuna ndalama akanandinyengerera, pakuti mlendo wa pa mpando wa ndalema ndiye amapereka mosavuta, mwamanyazi, n'kuthawa. Iye anachita zosiyana: anandilanda nkhani yokoma imene ndinakula nayo n'kundipatsa ina yokhala ndi njala mkati, ndipo bambo amene ndinatsika nawo m'phirimo ndimawamvetsa kuposa amene ndinakwera nawo. Ndikudziwa tsopano chifukwa chake sankatha kukana uthenga wochokera kumudzi, ngakhale pamene kukana kukanakhala kwanzeru.

Ndinamuimbira foni patapita masabata angapo n'kumuuza malire anga. Feteleza wa mbumba yonse sindingathe, ndipo fizi ya ana a wina aliyense sindilonjeza, chifukwa ndili ndi anga. Koma azakhali akadwala aziimbira ine, ndipo zovuta zikagwa azindiuza monga amauzira wina aliyense, osati maliro ataikidwa kale. Anayankha kuti amva, ndipo anawonjezera kuti ndimalankhula ngati kalata ya ku boma.

Misomali

Foni inalira m'bandakucha, mvula ya Febuluwale ikugwa. Panalibe moni. "Iwe, kwagwa zovuta. Agogo a kuseri kwa tchalitchi atisiya. Ubwere ndi nsalu yoyera, shuga ndi misomali ya mainchesi atatu. Usachedwe, adzukulu ayamba kale."

Agogowo sindinkawadziwa nkhope. Ndinakwera minibasi mpaka pa Linthipe, kenaka kabaza amene anandigwetsa m'matope pafupi ndi mudzi. Nditafika, mnyamata yemwe uja wa thumba la simenti analandira katundu, nandilozera pamene panakhala amuna, pansi pa tenti yodontha, nandipatsa kope ndi cholembera kuti ndizilemba chipepeso poti ndine wa sukulu. Ndinalemba mayina a midzi imene sindinaimvepo, ndalama zonyowa, mbale za ufa ndi nkhuku imodzi. Powerengera, ndalama za m'mbale zinaperewera K500 poyerekeza ndi za m'kope, ndipo ine ndi akuluakulu awiri tinabwereza kuwerenga mpaka inapezeka itamatirira kunsi kwa mbale. Woimira mfumu powerenga chipepeso pamaso pa anthu anafika pa mzere wanga nati, "Ana a malume a ku Lilongwe, nsalu, shuga ndi misomali," n'kupitirira ku mzere wotsatira.

Tisanabalalike msuweni wanga anandipeza kuti andiuze, anthu akumva, kuti misomali ndinabweretsa inali ya mainchesi awiri ndipo akalipentala avutika nayo. Lisiti ya ku sitolo ndinaisunga, ndipo palembedwa mainchesi atatu. Ndamuuza kuti ndidzabwera nayo pa Isitala, pamene ndikukatenga azakhali kuti akapimitse maso ku Nkhoma.